Matenda a ku Mtundu

Lolemba, 6 Januwale 2003
Mvula. Bambo abwezedwanso pa sikelo, masamba okhwima ambiri m'dengu. Akapitawo akalipa: "A Fackson, maso mwasiya kunyumba?" Zoona zake n'zomwezo. Bambo akuti pakati pa diso pali chimtambo, amaona m'mbali mokha. Nsonga ya tiyi akuipeza ndi zala basi.

Lachinayi, 9 Januwale
Ku kiliniki kwabwera alendo a galimoto yoyera. Akufuna magazi a okalamba ovutika maso, ndi a ana awo omwe. Akuti akuyeza mafuta a m'magazi, aone ngati akukhudzana ndi khungu la ukalamba. Bambo anaseka: "Ine wa Sabata, nkhumba sindinailawepo, mafuta achokera kuti?" Ku mpopi anthu akuti ndi anamapopa omwe aja, angovala zoyera. Koma mafutawo akawapeza apita nawo kuti?

Sabata, 11 Januwale
Titatuluka m'tchalitchi ndinafunsa anesi a Idah. Manyazi, mawu osatuluka bwino. Ndikulemba monga ananenera, osawonjezera. Mafutawo si a chakudya chokha, ena munthu amabadwa nawo. Alendowo sakudziwa ngati amawononga maso, n'chifukwa chake akuyerekeza kholo ndi mwana. Akuti mwina ndi matenda a ku mtundu.
Mtima unatsika. Mtundu wathu ndi wa amayi, pamaliro ndi paukwati amalankhula ndi amalume. Ndinati ndiye za bambo sizindikhudza. Anandiyang'ana: "Zimenezo n'zakumudzi, Teleza. Magazi sadziwa chikamwini. Theka lako ndi la bambo."
Ndiye nanenso ndidzachita khungu? Ulusi ndidzaulowetsa bwanji m'singano?

Lachiwiri, 14 Januwale
Ndawafotokozera amayi zonse. Amasenda chinangwa. Mpeni unaima. Funso limodzi lokha: "Makina awowo amaona ndi za bambo zomwe?" Ndinati anesi atero. Chinangwa chotsalacho anandisiyira.

Lachitatu, 15 Januwale
Bambo ndi achimwene a Yesaya apita ku kiliniki. Abwera amoyo, kathonje pamkono, achimwene akunyada kuti sanaphethire n'komwe. Amayi sanawaletse, anawatengera ndi ambulera yomwe. Ine nditangomanga chitenje kuti nditsatire, anaima pakhomo: "Iwe ayi. Anamapopa amenewo."
Anamapopa osankha? Mwana wawo wamwamuna amulola bwanji?

Lachisanu, 17 Januwale
Anesi atumiza mawu kuti magazi anga okha ndiwo atsala pa banja lathu. Amayi ayankha kuti ndikudwala malungo. Sindikudwala.

Lolemba, 20 Januwale
Galimoto yoyera yapita. Sindinayezedwe.
M'mawa ndinaima kuseri kwa nyumba, dzanja pa diso limodzi, kuyang'ana mizere ya tiyi ngati ikadali yowongoka. Kenako diso linalo. Yowongoka. Amayi anandipeza ndili choncho. Anandichotsa dzanja, mosakalipa, maso awo ali kumbali: "Leka kudzivutitsa. Maso ako iwe sadzachita ngati a a Fackson."
Sanati a bambo ako.