Zilembo Zikundichepera

Okondedwa amalume a Jonah,

Muli bwanji ku Ndola? Kuno ku Navutika tilipo. Laputopu munanditumizira ija ikugwira bwino. Ndinaikamo pulogalamu yolembera kodi, malangizo aja amene kompyuta imatsatira, ndipo ndikupanga kapulogalamu kodziwitsa alimi a nshawa a ku Kasenengwa za mvula.

Lachiwiri kodiyo inandikanika tsiku lonse. Mnzanga Millicent atangosuzumira anati, "Iwe, apa walemba O m'malo mwa ziro!" Tinaseka. Komatu zilembozo ndinali nditazikulitsa kale mpaka pomaliza.

Paja munkanena za pulogalamu yowerenga mokweza zimene zili pa sikirini. Munditumizireko dzina lake. Kuchipatala cha maso akuti ndikapitenso ndi wachibale. Amayi musawauze kaye, iwo akuyesa ndi kutopa chabe.

Mukaona zolemba zachilendo musadabwe, cholembera wagwira ndi Millicent.

Ndine mwana wanu,
Leticia