Wantchito wa m'Sewero Ayankha Bwana

Edmonton, London
14 Okutobala

Okondedwa achimwene a Shadrick,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwavutabe? Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba ndipo mashifiti kunyumba yosamalira okalamba achuluka.

Uthenga wanu ndaumva. Mwati a Lyson, mkulu wa mpingo wathu kuno, akuimbirani kuti ndikuchititsa manyazi banja ndi zisudzo. Achimwene, ndimakulemekezani, koma sindisiya.

Nkhani yake ili motere. Tili ndi kagulu ka zisudzo ku Ilford, timakumana Loweruka masana. Tikukonza sewero lomwe bambo wina wa ku Sweden analemba zaka zoposa zana zapitazo, la banja lolemera lomwe likudyana lokhalokha antchito akuonerera. Wotitsogolera, Harry, ankafuna tivale zovala zamakedzana, ine ndikhale wantchito wongolowa ndi thireyi n'kutuluka. Titayeserera pamaso pa anzathu, anayi anali pa foni, wina anagona mpaka kuliza mkonono.

Ndinamuuza Harry kuti nyumba yotere ndimaidziwa, ilipo lero lino mu London muno: mayi wa kwathu akusambitsa nkhalamba ya eni ake, ana a nkhalambayo akulimbirana nyumba mwini wake akadali moyo. Tinakangana milungu itatu. Iye ankati mawu a mlembi sasinthidwa. Ine ndinati mlembiyo anapita kalekale, koma odzaonera ndi amoyo, ndipo adzatsika basi atatopa kale. Mapeto ake anagonja. Wantchito uja tsopano amavala yunifomu ngati yanga, ndipo eni nyumba akamuputa amayankha m'Chichewa.

A Lyson anabwera tsiku lina kudzaona. Chinawapweteka n'chakuti pena pake m'seweromo ndimamukalipira bwana wamwamuna, maso ndi maso. Lamlungu lotsatira anandichotsa m'kwaya. Ndinawafunsa kuti anali kuti chaka chatha, mwana wa gogo wina wa kuntchito kwanga atandinamizira kuba mphete, ine n'kumangopepesa mlandu wosalakwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa amayi ndi foni yanu. Paja anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'nyumba ya anthu ku Sunnyside osayankhapo ngakhale kamodzi. Muwafunse zomwe ankanena chamumtima dona akawakalipira, muwajambule, munditumizire. Musawakonzere mawu. Ngakhale atukwane, tumizani choncho. Ndikufuna ndikanene mawu awowo pa siteji pa 22 Novembala, aliyense akumva. Akakana ndiwamvera, koma akane okha, osati inu kuwakanira.

Mupereke moni kwa alamu, kwa amalume ku Chirimba, ndi kwa mwana wanu Chiso. Mumuuze kuti azakhali ake sanapenge.

Ndine mlongo wanu,
Taonga