Mdzukulu Wabwera ndi Tikiti ya Apolisi

Bambo a ana,

Foni yanu sikupezeka, ndiye ndangolemba apa. Ndabwerera kuchipatala. Mwana wathu wachisamba uja wachira m'mawa uno. Wabadwayo ndi mwana wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu ndithu. Mwakhala agogo.

Koma pepani, palinso kankhani. Matenda atamuyamba ndinatenga galimoto yanu. Panjira tinapeza lole ya njerwa ikuyenda ngati yaledzera, mwina kumanzere, mwina kumanja, zidutswa zikugwera kutsogolo kwathu. Ndinaona kuti kukhalabe kumbuyo kwake n'kuputa ngozi. Msewu utangoyera ndinaponda mafuta n'kuipitirira, ndipo pompo wapolisi anandiimitsa.

Ndinati, "Abwana, ndimathawa ngozi."

Iye anati, "Amayi, makina angawa saona mantha, amaona liwiro. Mukanachepetsa n'kuisiya ipite kutali."

Atamva kubuula kumpando wakumbuyo, analemba tikiti msangamsanga n'kutiuza kuti tizipita. Wa loleyo anamuimitsanso.

Tikitiyo ndaipanikiza ndi botolo la shuga pathebulo. Sindikufuna kungolipira. Ndikufuna ndikadzifotokozere kukhoti, chifukwa mpaka pano sindikuona pomwe ndinalakwa. Tamufunseni mlamu wanu wa zamalamulo uja ngati zimenezi zingakamveke.

Galimoto ndaisiya panja, sinakandike paliponse. Mukafika tengani beseni, fulasiki ndi zofunda zili pabedizo, munditsatire. Muyendetse pang'onopang'ono, chifukwa tikiti imodzi yatikwanira banja lonse.

Ndine mkazi wanu, amene apolisi akumudziwa tsopano.