Za kusadya kwa bambo

Wanke, 14 Juni 1948

Achemwali anga Zelesi,

Ndapereka moni kwa inu ndi onse a pakhomo ku Lizulu. Kodi mwadzuka bwanji ndi chisanu cha mwezi uno? Ine kuno ndili bwino, ntchito yomanga mabala m'chipatala cha mgodi ikuyenda.

Kalata yanu ndalandira. Mwati bambo asiya kudya, akungokhala m'nyumba, ndipo mukuopa kuti anthu adzati Zelesi analephera kusunga kholo lake. Mantha amenewo akuchokereni. Ndikudziwa kuti chiyambire maliro a amayi, bambo mwawachapira, mwawasonkhera moto, ndipo alamu Aleki anawalandira khasu ndi ng'ombe kuti apumule. Ine mukandifunsa, m'mudzi monsemo mulibe mwana wamkazi wakuposani.

Koma lolani ndikuuzeni zimene ndaona kuno.

Tili ndi mkulu wina, a Goliati, kwawo ku Nsipe, mtchona wakalekale. Miyendo itawafooka anawatulutsa pansi pa mgodi, nkudzagona m'chipatala mwathu. Dokotala anawapima chifuwa, magazi, zonse, osapeza kanthu. Koma iwo anatembenukira kukhoma, phala nkumabwerera momwe lapitira. Tonse tinati basi, tiyambe kufunsa za bokosi.

Lamulungu lina anyamata akwathu anayamba kuvina ngoma kuseri kwa chipatala. Ndinangomva a Goliati akundiitana mwaukali, kufunsa kuti ndani akuponda dothi la njerwa panjapo. Nditawauza kuti ndi ngoma, anati ngati imeneyo ndi ngoma ndiye kuti iwo ndi mkazi wa bwanamkubwa, ndiwapatse ndodo msanga. Ndinawagwira mkono mpaka pabwalo. Anawakalipira anyamata aja, kuwatchula anapiye, nkuwaonetsa mmene phazi limagwera pansi ndi mmene chishango amachigwirira. Pobwerera anandifunsa ngati phala lija lidakalipo.

Lero akuyenda okha. Ndipo gulu lathu la ku Ntcheu likamavina, Alozi ndi Abemba amasiya zawo kudzationerera. Ndisakubisireni, ine ndimayenda chifuwa chili patsogolo.

Chimene chinandigwetsa misozi ndi ichi. Atamva kuti ndine mwana wa a Maliro a ku Lizulu, anandigwira dzanja osalisiya. Anati ali mnyamata ankayenda wapansi kukamvera bambo akutsogolera nyimbo, ndipo mawu ngati amenewo sanawamvenso kwina kulikonse. Anafunsa ngati akuyimbabe. Ndinawauza kuti ndifunsa kumudzi.

Tsono achemwali, taganizani. Ife kwathu ulemu wake ndi wakuti mkulu timamuikira chakudya m'nyumba, kugwada, nkutuluka kuti adye yekha. Kale bambo sankadya okha, ankadya ndi anzawo pabwalo, koma anzawowo anatha. Ulemu womwewo ukuwatsekera m'nyumba. Munthu wokalamba amafunadi chofunda ndi chakudya chofewa, poti mano anapita. Komanso amafuna wina womufunsa kanthu, ndi chifukwa chodzukira m'mawa. Tikamulanda ntchito zonse, ngakhale mwachikondi, iye amamva ngati tamuuza kuti tathana naye. Miyendo nayo ikangokhala imauma, ndipo m'mimba mwa munthu wosayenda njala silowamo.

Sindikuti ndithu bambo alibe matenda. Ngati akutsokomola kapena kutupa mapazi, mupite nawo ku chipatala cha mishoni. Koma poti mwati sakudandaula paliponse, pempho langa ndi limodzi.

Apempheni alamu kuti m'mawa azipita ndi bambo ku khola, ngakhale pang'onopang'ono, aziwafunsa maganizo pa ng'ombe, kenaka azidya nawo mbale imodzi panja padzuwa. Alamu achita manyazi kudya ndi apongozi awo, ndikudziwa. Auzeni kuti mwini mawuwa ndine, mlandu ukhale wanga. Ndipo anyamata akamakonzekera ngoma ya ukwati wa mdzukulu wawo Eliza, akachitire pafupi ndi nyumba ya bambo. Asawaitane ayi. Angovina, ndipo akalakwitsa asadandaule.

Musawauze bambo kuti ndi mankhwala, mukudziwa kuuma mutu kwawo. Mungowauza kuti ku Wanke kuli mkulu wina amene akufunsa ngati a Maliro akuyimbabe, ndipo ine ndikudikira choti ndikamuyankhe.

Tayesani milungu iwiri yokha, achemwali, mudzaone ndi maso anu, kenaka mundilembere.

Mundiperekere moni kwa bambo, kwa alamu, kwa azakhali ku Manjawira, kwa adzukulu onse, ndi kwa mayi wa ana anga Lufina, amene ndiwalembera padera.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Yoramu