Mwana wa mu Filimu Ndinamutcha Monalisa

Chinsapo, Lilongwe
14 Malichi 2024

Okondedwa achemwali anga a Jacqueline,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno mvula ikugwabe, msewu wathu uja wasanduka dambo. Kalatayi ndapatsira Swaleh wa basi, pamodzi ndi kaphukusi kochokera kwa mlamu wanu Thandie. Chonde muyambe mwawerenga musanakamasule. Pafoni ndayesa kawiri, mawu akukana kutuluka.

Ntchito yanga mukuidziwa, ija mumati ndi bodza lolipidwa, yoika mawu a Chichewa m'mafilimu a azungu. Chizungu chawo chothamangacho sindimva chonse, ndimangoyang'ana nkhope n'kumapeka. Mayina awonso sitisunga; munthu akangotulukira timamupatsa dzina lomwe labwera pakamwa. Mawu onse ndimayankhula ndekha, a bambo, a mayi, ndi a mwana omwe.

Mu Januwale Anock, mwini situdiyo yathu, anabweretsa filimu yoopsa. Dokotala wina mwana wake wamkazi wamwalira. Iye akutenga tsitsi la mwanayo n'kupangira mwana wina m'thanki lagalasi, nkhope yomweyo. Kamtsikanako katatsegula maso m'madzimo, pakamwa panga panangotuluka kuti, "Monalisa, dzuka mwanangu." Anock anaimitsa makina nati, "Aise, limeneli ndi dzina la mwana wako. Tifufute?" Ine kuuma mutu, ndinati zipitirire. Achemwali, ndinamva kukoma. Miyezi isanu ndi inayi chimuikireni m'manda, ndinali ndisanalitchulepo mokweza dzinali.

Ndinaiwala kuti a mavidiyo sho amaika sipika panja. Thandie ankachokera kumsika masana, dengu lili pamutu, pomwe anamva mawu anga akuitana mwana wake, kenako kamawu kanga kaja ka ana kakuyankha kuti, "Adadi, ndazizidwa." Amayi ogulitsa makala ndiwo anamuperekeza kunyumba.

Sanandikalipire. Akanandikalipira bwenzi ndili bwino. Anangoti, "A bambo a Monalisa, mundiikire filimuyo mufoni."

Tchimo langa lili apa. Kumapeto kwa filimuyo mwanayo amasintha. Khungu limasendeka, mano amamera mizere iwiri, amaluma amayi ake mpaka kuwapha, ndipo bambo ake amamuwotcha. Sindikanamupatsa Thandie zimenezo. Ndinabwerera ku situdiyo n'kuidula pa mphindi makumi anayi, pomwe mwana akulowa m'nyumba atagwira dzanja la amayi ake, n'kuikapo mawu akuti, "Ndabwera, sindipitanso." Ndinkayesa ndikumutonthoza.

Tsopano amaonera m'mawa uliwonse asanasese. Wayambanso kudya, wanenepako, akuseka, ndipo amayi a kumpingo akuti Mulungu wamuchiritsa. Koma wachapa yunifolomu ya ku nazale n'kuisita. Sabata yatha ndinamupeza akutola tsitsi ndi singano m'kachipewa kaubweya kaja munatumiza, limodzilimodzi, n'kumaika papepala.

"Kuno zipangizo kulibe," anatero, "koma achemwali anu amagwira ntchito ku chipatala chachikulu. Akafunse madokotala."

Ndinati, "Thandie, ija ndi filimu chabe."

Anandiyankha modekha, "Nanga munkaliriranji pomuitana? Ine mawu anu ndimawadziwa."

Ndiye m'kaphukusimo muli tsitsi la mwana wanga.

Ndili ndi mantha, achemwali. Filimu yathunthu ili m'mafoni a anthu Chinsapo yense mpaka ku Biwi. Tsiku lina Thandie adzaona mapeto ake, ndipo adzamva mawu anga omwewo akukuwa kuti, "Monalisa si munthu, muwotcheni!" Koma ndikamuuza ndekha, ndimubwezera pamphasa paja anagona miyezi isanu ndi umodzi osayankhula ndi munthu. Inenso sindili bwino. Ndikamaika mawu a mwana m'filimu ina iliyonse, kamawu kotuluka ndi ka Monalisa, mpaka kachibwibwi kake komwe, moti Anock wayamba kumatuluka panja ndikafika pamenepo.

Pempho langa ndi loti mumuimbire Thandie. Inu amakumverani. Mumuuze kuti palibe dokotala angachite zimenezi, ngakhale ku Joni. Koma musafulumire, mwezi uno uthe kaye, asekeko pang'ono. Ndipo ngati mwina, mwina mwake, munamvapo za zoterezi kuchipatala kwanuko, muyambe mwandiuza ine. Musandiseke.

Mupereke moni kwa alamu anga a Dumisani ndi ana onse. Thandie akuti moni wambiri. Waima pakhomo pano, ndipo akuti ndisamate envelopu ndisanalembe kuti Monalisa akupereka moni kwa azakhali ake. Akutinso nsapato za Khirisimasi mugule zokulirapo, chifukwa mwana akukula. Ndalemba monga wanenera.

Ndine mlongo wanu,
Misheck