Chitseko cha Kukhitchini Chikulira

Kwa Olemekezeka Achimwene,

Mwaulemu ndikudziwitsani kuti kuno tili bwino. Lero chakwana chaka chiwaikire m'manda amalume, msilikali wakale, injiniya wa milatho, amene anatilera tonse awiri.

Tawakumbukira moseka. Paja Loweruka lililonse ankathira oilo m'mahinjesi a zitseko zonse, kenako n'kumenya sawasha pamaso pa akazi awo, azakhali: "Akomanda, nyumba yakhala chete!"

Panopa chitseko cha kukhitchini chikulira. Ndinatenga kabotolo kawo ka oilo kaja, koma azakhali anandiletsa: "Kasiye, adzathira mkulu wako akabwera."

Azakhaliwo akudya ndithu, ngakhale pang'ono. Adokotala ananena zina zosayenera kulembedwa papepala. Chonde, ulendo uno musafike mochedwa ngati pamaliro paja.

Ndikulumbira kuti zonsezi n'zoona.

Ine mng'ono wanu womvera.