Njinga Yamoto Yatsala ku Polisi

Okondedwa alongo anga a Wezi,

Monile kumeneko ku Kitwe. Muli uli pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno ku Kapichila tiliko bwino tsopano, koma Lachiwili tinatsala pang'ono kukutumizilani uthenga wa malilo.

Amama analumidwa ndi njoka m'munda wa nshawa. Mwendo unayamba kutupa ine ndikuona, amuna anga kulibe. Ndinatulutsa kanjinga kamoto kaja munatisiyila, ndinawamangilila Amama kumsana kwanga ndi chitenje, n'kuuyamba ulendo wa kuchipatala.

Titayandikila boma tinapeza apolisi pamsewu. Wina wamkazi anakweza dzanja.

"Laisensi ili kuti, mayi? Chisoti? Nanga inshuwalansi? Njinga ilibe ngakhale nambala!"

Ndinalibe chilichonse. Ndinangoti, "Onani mwendo wa amayi anga." Apo n'kuti mutu wa Amama utagwela paphewa panga, ndikawaitana osayankha.

Wapolisiyo anangoyang'ana kamodzi, n'kuimitsa galimoto yoyamba kudutsa, natithandiza kuwakweza. Koma makiyi a njinga anatenga. "Mukanagwa opanda chisoti, tikananyamula anthu awili," anatelo.

Amama akadali m'chipatala, dzulo anayamba kumwa phala. Njinga yatsala ku polisi, ndipo akuti siituluka mpaka aone mapepala osonyeza mwini wake. Chonde atumizeni msanga, mundiuzenso mmene ndingapezele laisensi. Anamwino akuti Amama akatuluka, mwendo uzifunika kuonedwa kawilikawili. Mvula yayamba, ndipo pa njinga yakapalasa sindingawafikitse.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Tiwonge